Pepala limene achimwene akufuna ku Joni kulibe

Uthenga wa mawu unalowa pa WhatsApp cha m'ma 10 koloko usiku, nthawi imene anthu a ku Joni amakumbukira kwawo. Achimwene anga akhala ku Johannesburg zaka 6 tsopano, ndipo akafuna chinthu sazungulira. "Iwe, uwatenge alamu akowo mupite ku Blantyre akayezetse serotonin. Ndalama nditumiza mawa. Koma zotsatira zikatuluka, pepalalo ulijambule unditumizire, ndione ndi maso angawa."

Alamu angawo ndi mayi wa geni ya usipa. Amagula pa doko, kuyanika pa thandala, n'kukagulitsa ku Limbe. Chaka chatha mayi awo atamwalira, geniyo inayamba kuzilala. Poyamba tinati ndi maliro, zidzatha. Miyezi inadutsa koma sizinathe. Tulo tinawathawa, moti ankadzuka 3 koloko usiku n'kukhala pakhonde mpaka kumva kuitana kwa mapemphero a m'bandakucha kumzikiti wa pafupi. Nsima ankangoitema kawiri n'kusamba m'manja. Mwana akalira ankangomuyang'ana ngati wa eni. Anakayezetsa malungo katatu, ndipo katatu konse sanapezeke. Magazi anali okwanira, shuga ali bwinobwino. Kenako tsiku lina namwino wina woona za matenda a maganizo anakhala nawo pansi theka la ola, kuwafunsa mafunso okhaokha osagwira jakisoni, n'kulemba m'kabuku ka kuchipatala kuti akudwala matenda a kukhumudwa, amene madokotala amati depression. Anawapatsa makapisozi a fluoxetine, kamodzi m'mawa uliwonse. Uno ndi mwezi wachitatu akumwa.

Tsono achimwene anaonera kavidiyo pa Facebook, munthu wovala gawuni loyera akufotokoza kuti kukhumudwa ndi kuchepa kwa serotonin m'thupi, kanthu kamene maselo a mu ubongo amagwiritsa ntchito potumizirana uthenga. Mutu wawo unagwira msanga: ngati chinthu chachepa, chiyezedwe; ngati mankhwala akuchichulukitsa, nambala ioneke.

Ine ndakana. Ku Blantyre sitipita. Ndipo ndikulemba pano chifukwa ndikudziwa kuti achimwene si okha amene akuganiza chonchi, komanso kuti tsiku lina wina adzabwera ndi kamakina pa boma pano pa Mangochi n'kuyamba kutiyeza "serotonin" pa mtengo wozizira, ife n'kukhala pamzere.

Ndiyambe ndi kuwaikira kumbuyo achimwenewo, pakuti maganizo awo si a munthu wopusa. Zaka 20 zapitazi achipatala atiphunzitsa phunziro limodzi mwakhama: osamwa mankhwala usanayezetse. Kale thupi likangotentha tinkati malungo, n'kugula mapiritsi pa golosale. Lero timadikira mizere iwiri pa kachipangizo koyezera. Amene akumwa ma ARV amadziwa viral load yawo ngati nambala ya foni. A shuga amabayidwa chala, a BP amamangidwa lamba pamkono. Phunziro limeneli lapulumutsa anthu ambiri kuno kunyanja. Vuto ndi loti sanatiuze pamene phunzirolo limathera, ndipo limathera pa matenda ngati a alamu anga.

Kuti zimveke, tiyenera kudziwa kumene serotonin amakhala. Dzina lakelo linapekedwa mu 1948 ku Cleveland m'dziko la America, pamene Maurice Rapport, Arda Green ndi Irvine Page anapatula m'magazi a ng'ombe kanthu kamene kamafinya mitsempha ya magazi. Ku Italy, Vittorio Erspamer anali atakapeza kale kanthu komweko m'matumbo m'zaka za m'ma 1930, n'kukatcha enteramine. Mu ubongo kanapezeka pambuyo, mu 1953, ndi mayi wina wasayansi dzina lake Betty Twarog. Mbiri yomweyi ikutiuza kale kanthu: serotonin anadziwika koyamba ngati chinthu cha m'matumbo ndi m'magazi, ndipo n'kumene ali wambiri. Magawo pafupifupi 90 pa 100 aliwonse a serotonin wa m'thupi amapangidwa m'matumbo, kumene amathandiza kukankha chakudya. N'chifukwa chake munthu akangoyamba fluoxetine, masiku oyamba amamva nseru kapena kutsegula m'mimba pang'ono. Matumbo ndi amene amayamba kumva kuti kwabwera mlendo.

Ubongo uli ndi serotonin wakewake, wochepa, ndipo umadzipangira wokha kuchokera ku tryptophan, kachakudya kamene timapeza mu nsomba, mazira, nyemba ndi mtedza. Pakati pa magazi ndi ubongo pali mpanda wosefa zinthu, ndipo serotonin wa m'magazi sadutsa mpanda umenewu. Mu 2003 asayansi a ku Berlin anasonyezanso kuti ngakhale chopangira serotonin mu ubongo ndi chosiyana ndi cha m'matumbo. Ndi makhitchini awiri, aliyense ndi mafuwa ake. Choncho magazi otengedwa pamkono wa alamu anga angatiuze nkhani ya m'matumbo mwawo, koma za mu ubongo alibe umboni. Zili ngati kuima pa mlatho wa Bakili Muluzi kuyeza madzi a mu Shire kuti udziwe ngati chitsime cha ku Namwera chaphwa.

Koma pali china choposa apa, ndipo ichi n'chimene chinandichititsa kukana kwamtuwagalu.

M'magazi, serotonin sayandama yekha. Pafupifupi yense amanyamulidwa ndi mapulateleti, tizigawo ting'onoting'ono ta magazi timene timathamangira pa bala kuti magazi aundane. Mapulateleti sapanga serotonin. Ali ngati alamu anga omwe: sasodza, amangofika pa doko n'kugula zimene asodzi abweretsa. Akamadutsa m'mitsempha ya m'matumbo amatola serotonin kudzera pa kakhomo kamene asayansi amati SERT, n'kumusunga. Tsono kakhomo komweko kalinso pa maselo a mu ubongo, kumene ntchito yake ndi kubweza serotonin m'selo akamaliza kupereka uthenga. Fluoxetine ndi anzake, monga sertraline ndi paroxetine, ntchito yawo ndi kutseka kakhomo kameneka, ndipo posankha potseka sasankha. Mu ubongo kakhomo kakatsekeka, serotonin amachedwa pakati pa maselo, uthenga wake n'kukhalitsa. M'magazi kakhomo kakatsekeka, mapulateleti amabwerera ku doko chimanjamanja. Pulateleti imakhala ndi moyo masiku 8 mpaka 10, ndiye pakatha masabata ochepa pafupifupi onse amene ali m'thupi amakhala obadwa kakhomo katatsekedwa kale. Ofufuza akhala akupeza mobwerezabwereza kuti mwa anthu omwa mankhwala amenewa, serotonin wa m'mapulateleti amatsika kwambiri, kawirikawiri ndi magawo oposa 80 pa 100.

Mwamva? Mankhwala amene kavidiyo kaja kakuti amakweza serotonin, m'magazi amamutsitsa. Ndipo amamutsitsa mwa amene akuchira ndi amene sakuchira yemwe.

Tangoganizani pepala lija litafika pa foni ya achimwene, nambala ili pansi penipeni, mwina ndi kachizindikiro kofiira pambali. Ndimawadziwa. Akanati mankhwalawo ndi abodza, alamu asiye. Kapena akanati akuchepa mphamvu, azimwa awiri m'malo mwa mmodzi. Kapenanso akanagula botolo la mapiritsi "okweza serotonin" m'sitolo ya ku Joni n'kupatsira munthu wa basi, zimene zikhoza kuvulaza munthu amene akumwa kale fluoxetine. Njira zitatu, zonse zolowera kutchire, ndipo zonse zochokera pa nambala yoona imene yawerengedwa molakwika.

Wina anganene kuti komabe kutsikako kukunena kanthu. Inde, kukunena chinthu chimodzi: kuti mankhwala akumezedwa ndipo akutseka kakhomo kaja. Ochita kafukufuku amagwiritsa ntchito muyezo umenewu pofuna kudziwa ngati odwala akumwadi mankhwala, ndipo ena ayesapo kuona ngati kukula kwa kutsikako kungalosere amene achire. Zimene apeza sizinafike poti dokotala aliyense padziko lapansi n'kumasinthira nazo mankhwala a wodwala. Ndipo ngati funso ndi lakuti alamu akumwa kapena ayi, makapisozi otsala m'kapepala amawerengeka ndi zala, ulere. Kuyezako nakonso n'kovuta: mapulateleti sachedwa kusweka magazi akamatengedwa, akasweka amakhuthula serotonin wawo, ndipo nambala imasintha malinga ndi mmene magaziwo asungidwira. Ndi kutentha kwa Mangochi mu Okutobala, ndi msewu wa makilomita pafupifupi 200 kukafika ku Blantyre, ine sindingabetche nkhuku pa nambala yoteroyo. Kumene muyezo wa serotonin uli ndi ntchito yeniyeni ndi pofufuza zotupa zina zosowa za m'matumbo zotchedwa carcinoid, zimene zimapanga serotonin wochuluka mopyola muyezo. Ngakhale pamenepo madokotala amakonda kuyeza zotsalira zake mu mkodzo, ndipo wodwala amauzidwa kuti ayambe wasiya nthochi, chinanazi, matimati ndi mapeyala kwa masiku angapo chifukwa zimasokoneza zotsatira. Muyezo umene nthochi ya pa msika ikhoza kuusuntha si woti n'kuweruzira nawo chisoni cha munthu.

Tsono pali gulu lina limene likamva zimenezi limalumphira mbali inayo. Amati: mwaona, nkhani yonse ya serotonin ndi bodza la makampani, tayani mankhwalawo. Ali ndi pogwira. Ganizo loti kukhumudwa kumabwera chifukwa cha kuchepa kwa serotonin linatchuka m'zaka za m'ma 1960, ndipo dokotala wa ku Britain, Alec Coppen, analilemba mu 1967 ngati ganizo lofunika kulifufuza. Fluoxetine atavomerezedwa ku America kumapeto kwa 1987 n'kuyamba kugulitsidwa ndi dzina loti Prozac, otsatsa malonda anatenga ganizo lija n'kulisandutsa chiganizo chachifupi chokoma kumva. Mu 2022 Joanna Moncrieff ndi anzake ku London anasonkhanitsa kafukufuku wa zaka zambiri n'kunena kuti palibe umboni wogwirizana wosonyeza kuti anthu okhumudwa ali ndi serotonin wochepa. Akatswiri ena ambiri anatsutsa mmene anasankhira ndi kuwerengera umboniwo, ndipo mkanganowo ukupitirira. Koma ndi ochepa amene lero angaime poyera n'kunena kuti kukhumudwa ndi thanki ya serotonin imene yaphwa basi.

Kodi ndiye kuti mankhwala sagwira? Funso limenelo ndi lina, ndipo yankho lake lili m'mbiri ya mtsinje wathu womwewu. Pamene David Livingstone ankakwera chigwa cha Shire n'kufika kunyanja mu 1859, ananyamula kwinini ndipo ankamwa akadwala malungo. Nthawi imeneyo azungu ankakhulupirira kuti malungo amabwera ndi mpweya woipa wa m'madambo. Kachilombo ka malungo kanapezeka mu 1880, ndipo zoti udzudzu ndi umene umafalitsa zinatsimikizika cha mu 1897. Kufotokoza kunali kolakwika, koma kwinini ankagwira. Kuti tidziwe ngati mankhwala amathandiza sitifunsa nthano ya mmene amagwirira ntchito. Timapatsa gulu lina mankhwala enieni, lina mapiritsi opanda kanthu, popanda wodziwa amene walandira chiyani, n'kuona amene achira. Mu 2018 Andrea Cipriani ndi anzake anaphatikiza mayeso okwana 522, ena oterowo ndipo ena ofananitsa mankhwala okhaokha, okhudza anthu oposa 116,000 ndi mitundu 21 ya mankhwala. Mitundu yonse inaposa mapiritsi opanda kanthu, ndipo amitriptyline, mankhwala akalekale otchipa amene amapezeka m'zipatala zathu, anali m'gulu la amphamvu kwambiri.

Ndisakunamizeni kuti mankhwalawa ndi kwinini wa maganizo. Kusiyana kwake ndi mapiritsi opanda kanthu si kwakukulu ngati mmene otsatsa amanenera. Ena amawathandiza kwambiri, ena pang'ono, ena ayi mpaka atasinthidwa. Pa kukhumudwa kochepa, uphungu wa kukambirana umakhala patsogolo. Komanso sagwira lero ndi lero. Kakhomo kaja kamatsekeka m'maola ochepa, koma munthu amayamba kupepukidwa pakatha masabata awiri, anayi, nthawi zina asanu ndi limodzi, zimene zikusonyezanso kuti chochiritsa si kuchuluka kwa serotonin pakokha koma kusintha kwapang'onopang'ono kumene ubongo umachita pambuyo pake. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha n'kovuta kwa munthu amene ali ku Joni ndipo akutumiza ndalama mwezi ndi mwezi.

Chodabwitsa n'chakuti kutsika kwa serotonin m'magazi kuli ndi tanthauzo lenileni kwa wodwala, ndipo tanthauzo limeneli ndi limene kavidiyo kaja sikanatchule. Mapulateleti amagwiritsa ntchito serotonin poitanizana pa bala. Akakhala opanda kanthu, magazi amachedwako kuundana. Kwa anthu ambiri sizioneka n'komwe. Koma wina akamamwa fluoxetine n'kumaonjezera bulufeni, asipulini, indosidi kapena diclofenac, mankhwala amene amakanda m'mimba ndipo ena mwa iwo amafooketsanso mapulateleti, mpata wotaya magazi m'mimba umakula. Tsono taganizani mmene timagulira mankhwala amenewa kuno. Mayi wosenza madengu a nsomba msana ukawawa amatuma mwana ku golosale. Munthu wokhumudwa amamva kuphwanya thupi ndi mutu pafupipafupi, ndiye amagula kawirikawiri kuposa ena. Alamu anga ndinawapeza ndi indosidi m'kachikwama, ndipo palibe anawauza kuti panado ndi amene ali wabwinopo kwa iwo. Amene ali ndi zilonda za m'mimba, amene amataya magazi ambiri posamba, mayi woyembekezera amene watsala pang'ono kuchira, onsewa ayenera kuuza achipatala kuti akumwa mankhwala a mtundu umenewu. Chimbudzi chakuda ngati phula kapena kusanza magazi si zodikira kuti kuche.

Palinso tramadol, amene ena amagula mwamseri, ndi linezolid, amene amaperekedwa pa TB yosamva mankhwala. Amenewa akakumana ndi fluoxetine akhoza kuchulukitsa serotonin mu ubongo ndi m'minyewa mpaka munthu kuyamba kunjenjemera, kutuluka thukuta, kutentha thupi, minofu kudumphadumpha ndi kusokonezeka mutu. Apa mwina mukuganiza kuti tsopano muyezo wa magazi wapeza ntchito. Ayi ndithu. Ngakhale vuto limeneli, limene ndi kuchuluka kwenikweni kwa serotonin, dokotala amalizindikira pofunsa mankhwala amene munthu wamwa ndi pomugwira miyendo kuona mmene minofu ikuchitira. Ngati magazi sathandiza kuzindikira serotonin atasefukira, angathandize bwanji kuzindikira chisoni?

Sindikunena kuti munthu wofooka ndi wosowa chimwemwe asayezedwe magazi. Ayezedwe, koma zoyenera: kuchepa kwa magazi, HIV, shuga, ndi chithokomiro ngati pali zizindikiro, chifukwa matenda amenewa amatha kuvala nkhope ya kukhumudwa. Mankhwala ena nawo amasokoneza maganizo, monga efavirenz amene anali m'ma ARV a anthu ambiri dziko lino lisanasinthire ku dolutegravir mu 2019. Miyezo imeneyi imachotsa zokayikitsa zina. Siipeza kukhumudwa.

Chimene chimapeza kukhumudwa ndi mafunso, ndipo anthu amanyoza mafunso chifukwa alibe singano. Pali mndandanda wa mafunso 9 wotchedwa PHQ-9, umene unamasuliridwa m'Chichewa n'kuyesedwa m'zipatala za m'dziko muno. Umafunsa za masabata awiri apitawa: kodi zinthu zimene munkakonda zikukusangalatsanibe, mukugona bwanji, mukudya bwanji, mphamvu zilipo, mukudziona ngati wolephera, maganizo akukhazikika, mwaganizapo kuti bola kufa. Yankho lililonse lili ndi mapointi, onse pamodzi kuyambira 0 mpaka 27. Nayo nambala, achimwene, ngati nambala ndi imene mukufuna. Ikafunsidwa mwezi ndi mwezi imasonyeza ngati munthu akukwera kapena akutsika, zimene magazi sangachite.

Ndipo Mangochi si mlendo pa njira imeneyi. Kafukufuku wina wodziwika pa nkhaniyi m'Malawi anachitikira kuno komwe, ku sikelo ya amayi oyembekezera pa chipatala cha boma, motsogozedwa ndi Robert Stewart, ndipo anasindikizidwa mu 2014. Anafunsa amayi 583, m'Chichewa ndi m'Chiyao. Anapeza kuti pafupifupi mayi mmodzi mwa 10 aliwonse anali ndi kukhumudwa kwakukulu, ndipo kuphatikiza ndi kocheperako, mmodzi mwa 5. Palibe anatengedwa magazi a serotonin. Ndipo zimene zinkayenda limodzi ndi matendawa zinali zinthu zoti aliyense wa ife amazidziwa: kusowa munthu wapamtima wokuchirikiza, ndi nkhanza za m'banja.

Apa ndi pamene ndikufuna kulankhula ndi achimwene mosabisa, ngakhale ndi aakulu kwa ine. Ndikudziwa chifukwa chake pepalalo likufunika. Kwathu kuno matenda opanda pepala amapatsidwa mayina ena. Ena amati ulesi. Ena amati walodzedwa ndi anzake a pa doko chifukwa geni inkayenda. Ena amati majini, ena amati akungofuna mwamuna wake abwere. Akamva kuti mankhwala analemba ndi namwino wa za maganizo, amanong'onezana za ku mentolo ku Zomba. Pepala lokhala ndi nambala likanakhala chishango cha alamu anga pamaso pa apongozi ndi anansi: onani, si zopeka, zili m'magazi. Chilakolako chimenechi ndimachimvetsa ndipo chimandikhudza. Koma chishango chimenechi n'chobooka. Tikavomereza kuti nambala ya m'magazi ndi imene imatsimikiza kudwala, ndiye kuti mayi wina amene sagona, sadya, ndipo akuganiza zodzipha, koma nambala yake yatuluka "yabwino", tamutcha wabodza. Tikhala tamulanda ngakhale kachikhulupiriro kochepa kamene anali nako.

Palinso chifukwa china chimene pepalalo limakomera, ndipo ichi ndi chowawa. Ngati vuto ndi kanthu kochepa m'magazi, ndiye kuti si nkhani ya zaka 6 za bedi lozizira, si nkhani ya kulera ana atatu wekha, si nkhani ya kuika maliro a mayi ako mwamuna ali pa foni. Aliyense wa ku Mangochi akudziwa midzi imene amuna ake anathera ku Joni, kumene nyumba za malata zikumera koma m'nyumbamo muli amayi ndi ana okhaokha. Sindikudzudzula opitawo, pakuti nyanja siikuperekanso chambo ngati kale ndipo ntchito kuno kulibe. Ndikungoti nambala ya labu ndi yosavuta kuilandira kusiyana ndi funso lakuti mudzabwera liti. Nambala imalipiridwa kamodzi n'kuthana nazo.

Ndalama imene achimwene akufuna kuwononga pa minibasi ya anthu awiri kupita ndi kubwera, pa chakudya cha panjira ndi pa labu, ili ndi ntchito zina zimene zingasunthedi matendawa. Mankhwala ngati amenewa amafunika kumwedwa mosadukiza, ndipo munthu akapeza bwino amapitiriza kwa miyezi ina yosachepera 6 kuti matenda asabwerere. Kusiya mwadzidzidzi kumabweretsa chizungulire, kusowa tulo ndi kukwiyakwiya, ndipo anthu amaganiza kuti ayambanso kudwala kapena kuti mankhwala awalowerera ngati chamba. Tonse tikudziwa kuti mankhwala m'zipatala amatha. Mwezi umene adzathe, ndalama ija idzagule ku famase. Ina ilipire kabaza tsiku lokaonana ndi namwino. Ina igule mayunitsi, osati otumizira malangizo, koma ofunsira kuti mwagona bwanji.

Ndipo kwa amene amagawa ndalama za umoyo, pempho langa ndi lomwelo pa mlingo waukulu. Boma lino la Mangochi linali ndi anthu oposa 1.1 miliyoni malinga ndi kalembera wa 2018, ambiri a iwo kutali ndi pa boma. Munthu wa ku Makanjira kapena ku Katuli safunika makina atsopano. Amafunika kuti amitriptyline ndi fluoxetine, amene ali kale pa mndandanda wa mankhwala ofunikira, azipezeka pa chipatala chaching'ono cha kwawo mwezi uliwonse. Amafunika wachipatala amene ali ndi mphindi 20 zomufunsa, amene angakumbukire kufunsa ngati munthuyo anayamba wakhalapo ndi nyengo yosagona koma ali ndi mphamvu zopyola muyezo, chifukwa kwa oterowo mankhwalawa paokha akhoza kuwapengetsa. Amafunika wachibale wouzidwa kuti masabata oyamba, makamaka kwa achinyamata, ndi ofunika kuyang'anira, kuti amitriptyline asungidwe ndi munthu wina osati wodwalayo ngati pali maganizo odzipha, ndiponso kuti maganizo amenewo akatchulidwa, ulendo wa kuchipatala ndi wa tsiku lomwelo. Ku Zimbabwe, Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kupereka uphungu pa benchi kunja kwa zipatala za ku Harare, kwa anthu odwala chimene Ashona amati kufungisisa, ife timati kuganiza kwambiri. Kafukufuku wa mu 2016 anasonyeza kuti njirayo imathandiza, ndipo yayesedwanso m'zipatala zina ku Lilongwe. Benchi ndi mthunzi wa mtengo wa mango kuno sizisowa. Chosowa ndi maphunziro ndi kandalama ka okhala pa benchiyo.

Achimwene ndinawayankha m'mawa mwake. Ndinawafotokozera za mapulateleti ndi doko, ndipo anangoti "Hmm" kawiri. Kenako ndinati: "Achimwene, zotsatira zilipo kale, kungoti sizili pa pepala. Mwezi watha alamu ankadzuka 3 koloko, pano akudzuka 5. Lachiwiri anatsuka madengu. Dzulo anakalipira mwana chifukwa chotaya sopo, ndipo ine ndinasangalala kumva mawu awo akukwera." Anakhala chete nthawi yaitali moti ndinayesa netiweki yadula. Atabwerera anafunsa ngati namwino uja angalole kulankhula nawo pa foni tsiku limene alamu akukaonana naye, Lachinayi likubwerali. Ndinati ndikafunsa, koma ayambe apempha kwa eni ake odwalawo. Za ku Blantyre sanazitchulenso, ngakhale sanavomere kuti analakwitsa, ndipo ndikuwadziwa, kavidiyo kena kakadzatuluka tidzayambiranso.

Alamu sanabwerere ku Limbe. Akuti mwina mwezi wa mawa, mwera ukaleka. Indosidi uja ndinawalanda.